Sukulu ya asilikali ndi ya boma, nanga amene anaphunzirapo akusonkheranji ndalama?

Nachisale_NJ
Moni nonse pagulu. Ndithandizeni kumvetsa, mwina alipo odziwa za chisilikali cha kuno ku America. Mkulu amene ndimagwira naye ntchito anaphunzira ku West Point, sukulu ya maofesala ija ili m'mbali mwa mtsinje wa Hudson, kumpoto kwa mzinda wa New York. Usilikali anausiya kalekale, pano ali ku za makompyuta, koma chaka ndi chaka amatumiza ndalama kusukuluko, ndipo akuti a kalasi yawo akusonkherana mphatso yaikulu yoti akapereke tsiku limene adzakumanenso. Ine mutu waima. Sukuluyo ndi ya boma. Ophunzira salipira fizi, kudya ndi kugona n'zaulere, pamwezi amalandiranso kangachepe. Boma lake ndi lomwe lija limaika madola opitirira 800 biliyoni pachaka ku zachitetezo. Ndiye ndalama za m'thumba mwa anthu zikukatani kumeneko?

MnyamataWaNdirande
Ndalama zikachuluka zimasowa kolowera. Auzeni bwana anuwo kuti nambala yanga ya Mpamba ikugwira ntchito usana ndi usiku.

Mphunzitsi_Indiana
Achemwali a Nachisale, pali dongosolo lake. Zonse zofunika kuti munthu atuluke ali ofesala limalipira ndi boma: aphunzitsi, chakudya, malo ogona, chipatala, maphunziro a m'tchire, zipolopolo zophunzirira. Anthu onse atasiya kupereka lero, sukulu singatseke. Yakhalapo kuyambira 1802, nthawi ya Pulezidenti Thomas Jefferson.

Zopereka zimadzera ku bungwe la amene anaphunzirapo, West Point Association of Graduates, lomwe si nthambi ya boma. Zimapita ku zinthu zowonjezera pamwamba pa zofunikazo, zomwe iwo amazitcha Margin of Excellence. Kadeti wophunzira Chiarabu amakakhala teremu yonse ku Morocco. Wina amapita kukachita kafukufuku nthawi ya holide. Pali makalabu a ophunzira opitirira 100, nyumba ndi mabwalo a masewero, akatswiri oitanidwa kudzalankhula. Aphungu a Congress akamagawa ndalama amayang'ana malipiro, zida ndi nyumba zofunika. Kalabu ya mtsutso yofuna kupita kumpikisano sikhala patsogolo pa mndandanda wawo, ndiye ma alumni amalowa pamenepo.

Akauntanti_BT
Muonjezerepo kuti wopereka amachotsera ndalamazo pa chuma chimene akudulidwapo msonkho. Ndiye mbali ina ya mphatsoyo ndi msonkho womwe boma likanatolera. Kusiyana kwake, boma likatolera amasankha kopita ndi aphungu osankhidwa ndi anthu, pomwe ukapereka wekha umasankha ndiwe mwini. Pamenepo ndi pamene ine pamandivuta.

Nachisale_NJ
Ndiye kuti akuthawa msonkho basi?

Akauntanti_BT
Ayi mayi, kuthawa ayi. Ukapereka madola 1,000 subwezeredwa 1,000, umangochepetsa pang'ono zomwe ukanadulidwa. M'thumba mwatuluka ndithu. Ndikungonena kuti si nkhani ya mtima wabwino wokhawokha, malamulo a msonkho kumeneko anawakonza moti kupereka kusamapweteke kwambiri.

Keyala_Wakale
Ndalowa mochedwa. Ine ndinadya zaka zanga mu yunifolomu kuno kwathu, ku America sindinapondeko, koma bwana wa a Nachisale ndikumumvetsa. Inu a masamu mukuwerenga msonkho, ife tikuwerenga anthu. Anthu amene unalowa nawo intake imodzi, amene anakuona ukulira usiku mapazi atatuluka matuza, amene anakunyamulira mfuti utakomoka pa route march, amenewo amaposa abale ena a bere limodzi. Ife a intake yathu mpaka lero tili ndi gulu. Wina akamwalira bokosi limakhala lathu, mwana wa mnzathu akasowa fizi timasonkha. Kutenga mtima womwewo n'kuupereka kusukulu imene inakuumba, chodabwitsa palibe. Chimene chimatilepheretsa ife ndi penshoni, osati mtima.

Namadzi_ku_Newburgh
Ine ndimakhala pafupi ndi kumeneko, ndimasamalira okalamba. Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso. Makadeti atsopano amayamba ndi masabata 6 a maphunziro okhwima nthawi yotentha, ndipo akamaliza mu August amabwerera kusukulu wapansi, mtunda wa makilomita pafupifupi 19, zikwama kumsana. Pa ulendo umenewo amayenda nawo madoda amene anamaliza pasukulupo zaka zambiri zapitazo. Ena amayenda mtunda wonse, ena amangolowa chakumapeto. Ndinaona agogo a imvi mbuu, bondo atalimanga, chipewa cholembedwa chaka cha kalasi yawo, akukoka mwendo pambali pa kamtsikana ka zaka 18 kali thukuta kamukamu. Anthu m'mbali mwa msewu m'manja kuti phwaphwaphwa.

Ali ndi dongosolo loti kalasi iliyonse yatsopano imapatsidwa kalasi imene inamaliza zaka 50 m'mbuyo mwake kuti ikhale ngati makolo ake. Amapezeka pa zochitika zawo zaka 4 zonse, ndipo tsiku lomaliza amawapatsa timabala toyamba ta udindo wa second lieutenant. Ndiye mwana amene wavekedwa nyota ndi agogo aja, zaka zikadzapita kalata yopempha ikadzafika, akana bwanji?

MnyamataWaNdirande
Ndiye kuti amawakola akadali aang'ono.

Namadzi_ku_Newburgh
Mutha kutero achimwene, koma imvani iyi. Ophunzira a chaka chomaliza amalandira mphete ya kalasi, mwambo womwe unayambira pasukulu pomwepo mu 1835. Mayi wina amene ndinkamusamalira, amuna ake anali ofesala, anasunga mphete ya malemuwo m'kabokosi pamodzi ndi mamendulo. Inali itaperepeseka, zolemba zosawerengekanso bwino. Anaipereka kusukulu. Chaka chilichonse amasonkhanitsa mphete zotere, amawerenga mbiri ya mwini mphete iliyonse, wachibale n'kuiika m'mbiya yosungunulira makadeti akuonerera, golideyo n'kumusakaniza ndi wa mphete zatsopano. Mayi uja sanali wolemera. Anangofuna kuti kachidutswa ka mwamuna wake kakhale pachala cha ana amene akubwera. Msonkho wa a Akauntanti sunali m'mutu mwake.

GogoWaZomba
Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Amayiwo anaika pabwino.

Dada_wa_Leeds
Gogo, mwambi womwewo ndi umene ukundiopsa ine. Woika amadzafuna kutenga. Mayi wa mphete alibe chodzatenga, koma si onse opereka ali ngati iye. Kuno ku Britain tili ndi Sandhurst, komwe amaphunzitsa maofesala kwa masabata 44, ndipo ana a mafumu a maiko a Aluya akhala akupitako kwa zaka zambiri. Dziko la United Arab Emirates linapereka mapaundi 15 miliyoni omangira nyumba yogona makadeti, n'kuitcha Zayed Building. Mfumu ya Bahrain, yomwe inaphunzira usilikali kuno ili mnyamata, inapereka mapaundi 3 miliyoni okonzera holo ya masewero. Holoyo inkatchedwa Mons Hall, kukumbukira nkhondo ya ku Mons ya mu 1914 komwe kunafa asilikali ambiri a Britain. Mu 2013 anaisintha dzina kukhala King Hamad Hall. Panali patangopita zaka 2 boma la Bahrain litapondereza anthu ochita zionetsero mu 2011. Aphungu ena ndi anthu ambiri anakwiya: dzina lokumbukira akufa lichotsedwe chifukwa wina walemba cheke? Holo inakonzedwa bwino ndithu, makadeti akuigwiritsa ntchito, koma tsiku lililonse akamalowa amawerenga pakhomo dzina la amene analipira.

Mphunzitsi_Indiana
Nkhani ya Sandhurst ndi yoona, koma tisasakanize. Apo ndi maboma akunja akupereka kusukulu ya asilikali a dziko lina. Ku West Point tikunena anthu a dziko lomwelo, amene anatumikira zaka zosachepera 5 atamaliza, monga lamulo limafunira. Ndipo si zachilendo. George Cullum, amene anamaliza mu 1833 n'kudzakhalanso mkulu wa sukuluyo, pomwalira mu 1892 anasiya madola 250,000 omangira holo yokumbukira ophunzira akale. Ilipo mpaka lero, Cullum Hall, ndipo m'kati mwake muli maina a amene anafera kunkhondo. Bungwe la ma alumni linayamba mu 1869, nkhondo ya pachiweniweni itangotha mu 1865. Pankhondo imeneyo anthu a sukulu imodzi anamenyana okhaokha: Ulysses Grant wa kalasi ya 1843 mbali iyi, Robert Lee wa kalasi ya 1829 mbali inayo. Chimodzi mwa zimene ankafuna poyambitsa bungwelo n'choti anthu amenewa ayambenso kukhalira pamodzi.

Dada_wa_Leeds
Chabwino aphunzitsi, titenge wa dziko lomwelo. Vincent Viola, wa kalasi ya 1977, analemera ndi malonda a pamsika wa masheya. Ndalama zake ndi zimene zinayambitsa Combating Terrorism Center, malo ofufuza za uchigawenga, pasukulupo mu 2003. Chakumapeto kwa 2016 Donald Trump anamusankha kuti akhale nduna yoyang'anira gulu lonse la asilikali a pamtunda. Anadzakana yekha mu February 2017 chifukwa zinali zovuta kulekana ndi mabizinesi ake. Sindikunena kuti anagula mpando. Ndikunena kuti munthu mmodzi wa ndalama anatha kusankha nkhani imene maofesala a mawa aziiganizira kwambiri, ndipo dzina lake linakula nazo.

Mphunzitsi_Indiana
Koma malowo atulutsa kafukufuku amene akatswiri a zauchigawenga dziko lonse amawerenga. Zigawenga zitagwetsa nyumba zazitali zija ku New York mu September 2001, sukulu inkafunika malo otero mwamsanga, ndipo bajeti ya boma imayenda pang'onopang'ono. Komanso wopereka sangangobwera ndi zofuna zake, mndandanda wa zosowa umachokera kwa mkulu wa sukulu, yemwe ndi jenerali wa boma.

Akauntanti_BT
Papepala zili choncho. Koma mkulu wa sukulu naye ndi munthu, amadziwa zimene zimakopa cheke ndi zimene sizikopa. Yesani kupempha ndalama zokonzera mapaipi a zimbudzi muone ngati wina adzuke. Nenani za bwalo la mpira, onse ali chilili. Ndi chifukwa chake mphatso zikuluzikulu zambiri zimaoneka kozungulira Michie Stadium, bwalo la mpira la sukuluyo. Kimsey Athletic Center ili pomwepo, dzina la James Kimsey wa kalasi ya 1962, mmodzi wa amene anayambitsa kampani ya intaneti ya AOL. Ndipo opereka ku thumba la masewero amapatsidwa mwayi woyamba wa matikiti.

Nangozo265
Mpira wake uti, wa Army ndi Navy uja? Akuti anayamba kukumana mu 1890, ndipo apulezidenti amapita kukaonerera. Koma mpira wake wogwira ndi manja uja ine sundilowa.

MnyamataWaNdirande
Abwere adzaone Kamuzu Barracks ya 2016 itatenga ligi. Tsiku limenelo ife a Bullets nsima sinadyeke.

WaNoma_Mpaka_Kale
Nsima yanu imalephera kudyeka kawirikawiri, musanamizire asilikali.

MnyamataWaNdirande
Inu khalani chete, tikawerenga zikho mutuluka pagulu pano.

Nangozo265
Koma kunena zoona matimu a asilikali avutitsa. Red Lions, Moyale, MAFCO, ukapita kwawo umabwerako miyendo ikuwawa.

GogoWaZomba
Ana inu, mayi uja anafunsa za sukulu. Za mpira katsegulireni kwina.

Akauntanti_BT
Gogo, mpirawu uli m'nkhani momwemo. Mu 1951 West Point inachotsa makadeti 90 chifukwa chobera mayeso, 37 mwa iwo a timu ya mpira. Mu 2020, nthawi ya Covid akulemba mayeso a masamu pa intaneti, makadeti 73 anaganiziridwa kuti anabera, ndipo oposa theka anali a masewero. Iyi ndi sukulu imene lamulo lake limati kadeti asaname, asabere, asabe, ndiponso asalekerere amene akuchita zimenezo. Sindikuti opereka ndalama ndi amene anawauza kuti abere. Koma ma alumni akamafuna chipambano pabwalo, ndalama n'kumatsatira chipambanocho, ana osewera amasenza katundu wawiri, ndipo penapake pamaduka.

Mphunzitsi_Indiana
Apo mwakoka chingwe mopitiriza a Akauntanti. Mu 1976 makadeti opitirira 150 anachoka chifukwa chobera ntchito ya phunziro la zamagetsi, ndipo sinali nkhani ya timu. Ana amabera mayeso kulikonse kumene kuli mayeso.

Keyala_Wakale
Ine funso langa ndi lina. Za ku America tazimva. Nanga kwathu kuno? Maofesala athu ambiri anadutsa ku MAFCO ku Salima. Ena atapuma ali m'mabizinesi, ena anagwirapo ntchito ku United Nations, ena ana awo ali kunja. Kodi n'kulakwa atati asonkhe agulire makadeti mabuku, makompyuta, kapena alipirire mmodzi wochita bwino kukaphunzira zina? Ine ndikuona kuti n'zotheka.

Nangozo265
Ayi bwana. Kwathu kuno ukangoyamba kuthandiza boma, boma limakusiyira. Onani masukulu a sekondale. Ma alumni akapenta makalasi chaka chino, chaka chamawa a unduna amati sukulu imeneyo ili ndi eni ake, ndalama zipite kwina. Ku America aphunzitsi anena kuti zofunika zonse boma limalipira, ma alumni amangowonjezera zapamwamba. Kwathu zapamwambazo zisanduka ufa ndi nyemba. Tsiku limene chakudya cha makadeti chidzadalire sonkhasonkha wa pa WhatsApp, dziko latha.

Dada_wa_Leeds
Ndipo choopsa chachikulu si chimenecho. Ganizani amene ali ndi ndalama zambiri kwathu: andale ndi amalonda amene amadya ma tenda a boma. Ukatsegula thumba la sukulu ya maofesala, woyamba kufika ndi cheke chachikulu, atolankhani ali pambuyo, sakhala a Keyala ndi penshoni yawo. Akhala munthu wofuna tenda ya yunifolomu, kapena wofuna kuti ma lieutenant a mawa azimudziwa kuti ndi bambo wawo.

Tikumbukire chimene gulu lathu la nkhondo latichitira. Mu December 1993 analanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani, koma boma sanalande, anabwerera ku barracks. Mu April 2012 Bingu atamwalira, anthu ena akufuna kuzembetsa malamulo, General Henry Odillo anaima pa malamulo oyendetsera dziko, Joyce Banda n'kulumbira pa 7 April. Mu 2019 ndi 2020 tonse tinaona asilikali akuyenda pambali pa anthu ochita zionetsero, kuwateteza. General Vincent Nundwe anachotsedwa pampando mu March 2020, n'kudzabwezeretsedwa boma litasintha. Maiko ambiri a mu Africa alibe mbiri yotero. Ofesala amene anaphunzira m'kalasi yomangidwa ndi msonkho wa mayi wogulitsa tomato ngongole yake ili kwa mayiyo. Amene anaphunzira m'kalasi yolembedwa dzina la bwana wakutiwakuti, tsiku lovuta likadzafika adzayamba waganiza kaye.

Keyala_Wakale
A Dada, mwalankhula zomveka, koma musatichepetse. Msilikali sagulidwa ndi khoma. Lumbiro limene timachita pa pass out si masewera.

Dada_wa_Leeds
Ulemu wanu bwana, sindikunyoza lumbiro. Koma West Point yomweyo, ndi lumbiro lake lonse, inaphunzitsa Fidel Ramos wa ku Philippines, amene anathandiza kugwetsa ulamuliro wa Marcos mu 1986, inaphunzitsanso Anastasio Somoza amene anazunza anthu a ku Nicaragua mpaka anamuthamangitsa mu 1979. Sukulu imodzi. Chimene munthu adzakhale chimadaliranso amene akumudyetsa.

Mayi_a_Chisomo
Pepani ndilowerere. Ine ndine mkazi wa msilikali. Mukukangana za makompyuta a makadeti, koma amene ali ndi mtima wopereka ayambe wayang'ana amasiye. Anyamata athu akhala akupita ku DRC, ena amabwera m'mabokosi. Mu November 2018 tinataya asilikali 6 kufupi ndi Beni. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anafa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo United Nations inamupatsa mendulo yaikulu ya kulimba mtima mu 2019. Dzina lake tikulidziwa chifukwa cha mendulo. Anzake aja ana awo ali kalasi yanji pano, alipo akudziwa? Kadeti ali ndi tsogolo, boma limulemba ntchito. Mwana wa malemu alibe womulankhulira.

GogoWaZomba
Mwanena mayi. Ndipo kuno ku Zomba chipilala chokumbukira asilikali a KAR (King's African Rifles) chili chilili, November aliyense akuluakulu amabwera ndi nkhata za maluwa, malipenga kulira, kenako magalimoto n'kubwerera. Madoda amene anatumikira kale amatsala ndi mavuto awo mpaka November wina.

Keyala_Wakale
Zimenezo sindingatsutse. Koma sizilimbana. Intake yathu imathandiza amasiye kale. Ndimangoti pamwamba pake tiganizireko amene akubwera m'mbuyo mwathu. Nkhondo ya masiku ano ndi ya ma drone ndi makompyuta. Mwana akatuluka asanagwireko zimenezo, ndiye kuti tikukonza amasiye ena.

Mlongo_wa_ku_Joni
Ine zosonkha za ma alumni ndinasiya. Gulu la sukulu yathu ya sekondale, sinditchula dzina, tinasonkha zogulira matilesi a hostel ya atsikana. Ife a kuno ku Joni tinatumiza ma rand, a ku UK mapaundi. Msungichuma anali mnzathu wa kalasi, wopemphera kwambiri. Titafunsa malisiti anati foni inagwera m'madzi. Titafunsanso anatuluka pagulu. Matilesi anafika ochepa, opyapyala oti ukagona umamva thabwa. Chaka chomwecho mkuluyo anafolera nyumba yake ndi malata a mtundu.

MnyamataWaNdirande
Malata a mtundu wanji, tikaone ngati akugwirizana ndi yunifolomu ya sukulu?

Mlongo_wa_ku_Joni
Musandiseketse, zimandiwawabe.

Nangozo265
Gulu lililonse lili ndi msungichuma wa foni yogwera m'madzi. Kwathu anati anamubera pa depoti.

Mphunzitsi_Indiana
Apa ndiye pali kusiyana kwenikweni ndi West Point, kuposa kulemera. Bungwe lawo lili ndi antchito olembedwa, bodi yosankhidwa ndi mamembala, ndipo mabuku a ndalama amaunikidwa ndi akatswiri akunja. Malamulo a dziko amafuna kuti bungwe lotere lizipereka lipoti la chuma chaka chilichonse, ndipo aliyense atha kuliwerenga. Mbali ina ya zopereka sadya, amaiika kuti izibereka phindu, ndipo chaka chilichonse amagwiritsa ntchito kagawo kochepa chabe. Ndi chifukwa chake munthu amapereka lero podziwa kuti kadeti amene sanabadwe adzapindula. Ife timasonkha lero, mawa tagula, mkuja tayambanso kupempha.

Akauntanti_BT
Kwacha yathu ukaisunga zaka 10 kuti ibereke, udzapeza yogula buledi. Mu November 2023 yokha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Thumba lotero kwathu liyenera kukhala m'zinthu zogwirika kapena m'ndalama zakunja, apo ayi mukusungira mphepo.

Koma a Keyala, ngati mukufunadi, ine ndingakuuzeni zimene ndingafune kuona ndisanaponye tambala. Thumba lilembetsedwe mwalamulo, lisakhale pa foni ya munthu. Opereka akhale okhawo amene anadutsa pasukulupo ndi mabanja awo, kampani iliyonse yochita malonda ndi asilikali isaloledwe, wandale amene ali pampando asaloledwe. Pakhale malire a ndalama zimene munthu mmodzi angapereke pachaka, kuti mkulu mmodzi asameze onse. Ndipo zilembedwe poyera kuti thumbali siligula chakudya, mafuta, yunifolomu kapena zipolopolo, ngakhale akuluakulu atalira bwanji.

Dada_wa_Leeds
Muonjezere kuti palibe nyumba, kalasi kapena mphoto yotchedwa dzina la munthu wamoyo.

Keyala_Wakale
Pa maina ndagwirizana nanu. Tili ndi maina okwanira a anzathu amene anatsala ku DRC ndi ku Mozambique nthawi yolondera njanji ya Nacala. Koma pa malire a zopereka, a Akauntanti, mukutimanga manja. Mwa ife opuma, amene angapereke zooneka ndi owerengeka. Mukawaikira malire, thumba likhala la ma K5,000 a anthu ngati ine, ndipo kompyuta imodzi tidzaigula patapita chaka.

Akauntanti_BT
Bola kompyuta imodzi ya anthu 200 kusiyana ndi 50 za munthu mmodzi.

Keyala_Wakale
Mukunena choncho chifukwa si inu mukatumize mwana kunkhondo ataphunzira pa kompyuta imodzi.

Nachisale_NJ
Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri. Funso lina laling'ono: mwana wanga anabadwira kuno, ali sekondale, ndipo amakonda za usilikali. Angathe kulowa kumeneko ngakhale makolo ake sitinaperekepo kalikonse?

Mphunzitsi_Indiana
Angathe. Chofunika akhale nzika ya America, wa zaka 17 koma asanakwane 23 polowa, wosakwatira, akhoze bwino m'kalasi, apambane mayeso a mphamvu ndi a chipatala, ndipo apeze womuvomereza, kawirikawiri phungu wa Congress wa dera lanu kapena seneta wa state yanu. Atsikana nawo amalowa kuyambira 1976. Ayambe kulemba makalata chaka chimodzi asanamalize sekondale, chifukwa maofesi a aphungu amatseka msanga. Mumuuzenso bwino za zaka 5 zija, asaone ulere wa fizi wokha.

Namadzi_ku_Newburgh
Ndipo mubwere naye adzaone malowo nthawi yozizira, osati yotentha. Mphepo ya pa Hudson mu January imasankha yokha amene akufunadi.

Mayi_a_Chisomo
A Keyala, mukakakumana ndi anzanu, nkhani ya amasiye ikhale yoyamba pa ajenda, makompyuta achiwiri. Ndikudziwa mmene misonkhano ya azibambo imayendera, chomaliza pa ajenda chimakambidwa anthu ataima kale.

Keyala_Wakale
Ndamva mayi, ndikaiika pamwamba.

Dada_wa_Leeds
Ngakhale ndatsutsa tsiku lonse, mabuku ndilibe nawo vuto. Ndili ndi makatoni a mabuku a uinjiniya ndi mapu amene mwana wanga anamaliza nawo ku yunivesite, angokhala m'galaja. Pali anzathu akutumiza kontena mwezi wamawa. Alipo angalandire ku Lilongwe n'kukasiya ku Salima?

Keyala_Wakale
Musathamange a Dada. Katundu salowa pageti la asilikali chifukwa choti wina wamva chifundo. Ilembedwe kaye kalata yopita kulikulu, mndandanda wa mabukuwo uli pomwepo, iwo ayankhe ngati akuwafuna. Nditumizireni maina a mabukuwo kumbali, ndipo mulembe chaka chimene buku lililonse linasindikizidwa, chifukwa akakhala akale kwambiri akana.